Mbatata ya Mlonda

Pa Biribiri, malole a kachewere akanyamuka,
ndimatsala ndi katoni yong'ambika ndi pensulo ya kalipentala.
Kale ndinkaphunzitsa masamu ku Ulongwe.
Lero ndimawerengera Nangondo matumba,
malipiro ake tiyi ndi timametikali ta sopo.

Tsiku lina wogula atachedwa
ndinalemba mbatata imodzi pakatoni, n'kuyamba kuwirikiza.
Ziwiri. Zinayi. Zisanu ndi zitatu.
Nditawirikiza kakhumi, thumba linakana kusokedwa.
Kakhumi kenanso, malole a Domingu anagwada.
Pofika ka makumi atatu ndi kamodzi
minda yonse ya Tsangano inali itandithawa.
Ndinachotsapo imodzi yoti mlonda awotche,
ndipo panatsala ichi:

2 147 483 647

Manambala khumi, ondondozana ngati ng'ombe zopita kudibi.

Ndinati ndigawe, poti pamsika palibe chosagawika.
Kwa anthu awiri, inatsala imodzi.
Kwa atatu, imodzi.
Kwa asanu ndi awiri, asanu ndi anayi, khumi ndi mmodzi,
imodzi yomweyo, ili gone pambali pa sikelo,
matope ake osasamba.
Kwa asanu ndiye zinatsala ziwiri,
ndipo ndinaseka ndekha mpaka Nangondo kundiyang'ana:
kani nayonso ili ndi tsiku lofuna mnzake.

Nasitaziya, mdzukulu wanga, anaifunsa foni.
Isanathe mphindi anati, Agogo, musavutike,
imeneyi sigawika ndi china chilichonse
koma ndi wani, kapena ndi iyo yokha.
Ndikudziwa kuti sakunama.
Koma mlandu womva kwa mnzako sukoma.
Ndikufuna ndigogode ndekha khomo ndi khomo
mpaka pa 46 340, pomwe makomo ofunsa amathera.
Ndafika pa 1 213.
Makatoni adzaza kunsi kwa bedi,
mbewa zadya kale mayankho a mwezi wa Juni,
ndipo palibe khomo latseguka.

M'mimba mwa mayi tinatuluka asanu ndi awiri.
Nkhondo itafika inatigawa awiriawiri, mosalakwitsa:
awiri anawoloka msewu uno napita ku Dedza osabwerera,
awiri anamezedwa ndi Joni,
awiri ali pansi pa mkuyu ku Domwe,
manda awo ndimawazindikira ndi botolo losweka.
Mwana wasukulu aliyense akuuzani chotsala.
Ndi uyu akusongola pensulo ndi mpeni wosendera mbatata.

Usiku wina chisanu chitandilanda tulo
ndinaisandutsa masekondi.
Mutati muiwerenge kamodzi pa sekondi,
osadya, osagona, osapita kumaliro,
mudzatha zaka makumi asanu ndi limodzi, zisanu ndi zitatu,
ndi masiku khumi, asanu ndi atatu.
Ndinayatsa koloboyi, n'kutulutsa kalata ya ubatizo.
Zaka zimenezo ndinakwanitsa Lamulungu lapitali.

Ndiye kuti chinambala ndinkachiopachi
ndakhala ndikuchiwerenga chibadwire,
pofuta choko pabolodi, pobisala m'chimanga,
pomanga chibwano cha mkazi wanga Felisita,
ndipo chikundidikira sabata ya mkuja,
mwina ndili pakati pa thumba la makumi anayi ndi lotsatira,
Domingu akuliza hutala.

Sekondi imeneyo sindidzaimva.
Idzadutsa ngati shapa yodzaza, yosaima pasiteji.

Koma yotsatira yake ndaiona kale pakatoni.
Mukabwezerapo mbatata imodzi ija,
chinambala chonse chimafewa ngati dothi la mvula yoyamba:
pakati, pakati, pakatinso,
ka makumi atatu ndi kamodzi osatsala kanthu,
aliyense ndi gawo lofanana ndi la mnzake,
mpaka kubwerera pa imodzi yomwe ndinayambira.

M'mawa ndinapita kwa mlonda Zakeyu.
Ndinati, mbatata ija ndinakupatsa pakatoni ija, ilipo?
Anandiyang'ana nthawi yaitali,
kenaka anafukula phulusa ndi kamtengo,
natulutsa yake yeniyeni, yopserera mbali imodzi,
naibenthula pakati.